Kudziimba mlandu pa nkhani ya kugonana: mafunso amene achinyamata amafunsa monong'ona

Mafunso ali m'munsimu ndi a anthu a zaka zapakati pa 18 ndi 25, kapena kupitirirako pang'ono, msinkhu umene munthu wachoka m'manja mwa makolo koma mawu awo akadamvekabe m'makutu. Ambiri mwa mafunsowa safunsidwa pagulu. Mayankho ake sakulamula munthu kuti agonane kapena asagonane, pakuti zimenezo mwini wake ndi inuyo. Cholinga n'chakuti muthe kusiyanitsa mlandu umene mulidi nawo ndi umene mwangosenzetsedwa chifukwa munabadwa mkazi kapena mwamuna.

Ndinachita kufuna ndekha, mnzangayonso anafuna. Nanga bwanji mtima ukunditsutsa?

Chifukwa mtima unaphunzira kale, mutu usanayambe n'kuganiza komwe. Mwana wa zaka zitatu akagwira kumaliseche amamenyedwa kadzanja. Akamafika zaka khumi amaona akuluakulu akutsitsa mawu nkhani ikafika pa mimba ya mtsikana wina, amaonanso mayi akusintha tchanelo msangamsanga anthu a pa TV akayamba kupsompsonana. Palibe amene anamukhazika pansi n'kumuuza kuti kugonana n'konyansa, koma phunzirolo analimva bwino lomwe. Pofika zaka 21 maganizo ake akhoza kukhala atasintha, koma kulumaluma kwa m'mimba kuja kumabwerabe pa nthawi yake.

Katswiri wa zamaganizo wa ku America, Donald Mosher, ndi amene anayamba kuyeza zimenezi mwadongosolo m'zaka za m'ma 1960. Iye anati vutoli ndi chizolowezi choyembekezera kudzilanga wekha ukaphwanya malamulo a zogonana amene unakula nawo, ngakhalenso ukangoganiza zowaphwanya. Mbali yachiwiriyi musaidumphe: alipo achinyamata amene sanagonanepo ndi munthu aliyense koma amasowa tulo, akudziimba mlandu chifukwa cha maloto kapena chifukwa anacheukira munthu kawiri.

Dziwaninso kuti si chisoni chilichonse chobwera pambuyo pogonana chimene chili chikumbumtima. Ena amangogwidwa ndi kukhumudwa, kulira kapena kukwiya kwa kanthawi ngakhale zonse zitayenda bwino. Robert Schweitzer ndi anzake a ku Australia anapeza mu 2015 kuti mwa akazi amene anawafunsa, 46 pa 100 alionse zinawachitikirapo, ndipo atadzafunsa amuna anapeza 41 pa 100. Zikakuchitikirani musathamangire kunena kuti ndi chilango.

Kudziimba mlandu ndi kuchita manyazi, si chinthu chimodzi?

Zimanyamukira pamodzi koma zimalowera kosiyana. Helen Block Lewis mu 1971, kenako June Tangney m'kafukufuku wa zaka zambiri, anasonyeza kuti wodziimba mlandu amaloza chimene wachita: "ndamunamiza." Wamanyazi amadziloza yekha: "ndine wonyansa, ndatha ntchito." Woyambayo ali ndi pogwira, akhoza kupepesa, kukonza, kusiya. Wachiwiriyo alibe chokonza chifukwa cholakwikacho ndi iye mwini, ndiye amangobisala, kunama, kapena kulusira ena.

Zambiri zimene achinyamata amazitcha chikumbumtima pa nkhaniyi zimakhala manyazi. Mtsikana amene akusamba kachitatu usiku umodzi, akudzikhula mpaka khungu kuwawa, sakukonza cholakwa chilichonse. Akuyesa kufufuta dzina limene wadzipatsa.

Zoti "mwamuna amatere, mkazi amatere" zikulowapo bwanji?

Apa ndiye pagona nkhani. John Gagnon ndi William Simon, akatswiri a za chikhalidwe cha anthu, ananena mu 1973 kuti anthu sagonana mongotsata thupi, koma amatsata ndondomeko imene anaipeza italembedwa kale, monga amachitira a zisudzo. M'ndondomeko yofala kwambiri, mwamuna ndi amene amayambitsa, amakhala wokonzeka nthawi iliyonse, amadziwa zonse ndipo safunsa. Mkazi amadikira, amayamba wakana, ndipo ndi iye mlonda wa pachipata. Chikalowa chilichonse, wolakwa ndi mlonda.

James Mahalik wa ku Boston College ndi anzake anasonkhanitsa zimene anthu a ku America amayembekezera kwa mwamuna ndi kwa mkazi, n'kupanga mafunso oyezera mmene munthu amazitsatira. Mndandanda wa amuna, wa mu 2003, uli ndi mfundo 11, zina mwa izo ndi kupambana, kubisa za mumtima, kudzidalira, kulamulira akazi ndi kukhala ndi zibwenzi zambiri. Wa akazi, wa mu 2005, uli ndi mfundo 8, monga kufatsa, kudzichepetsa, kusamala maonekedwe, kusamala ana ndi kukhulupirika kwa mwamuna mmodzi. Ikani mindandanda iwiriyi pafupi muone: chimene chili ulemu kwa mmodzi ndi chitonzo kwa mnzake. Ngakhale mindandandayi inalembedwera kutali, amene anamvapo kuti "mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda" kapena "tonde azinunkha" aizindikira msanga.

Masamu ake satheka n'komwe. Ngati mnyamata aliyense ayenera kukhala atayenda ndi ambiri, ndipo mtsikana aliyense ayenera kukhala asanakhudzidwepo, ndiye anyamatawo akuyenda ndi yani? Kuti masamuwa aoneke ngati akutheka, atsikana amagawidwa pawiri, "omanga nawo banja" ndi "ongocheza nawo", ndipo mtsikana aliyense amakhala ndi mantha ogwera mbali yachiwiriyo. Akakana amamva kuti ndi wonyada, wotsalira, "sumandikonda". Akalola, pakamwa pomwepo pamatuluka mawu akuti wotchipa. Mlandu umamudikirira mbali zonse ziwiri, ndiye musadabwe kuti amaumva ngakhale pamene sanalakwire munthu.

Ndiye kuti akazi ndi amene amadziimba mlandu kwambiri kuposa amuna?

Akafunsidwa, inde, nthawi zambiri akazi ndi amene amanena kuti mtima umawatsutsa. Andrew Galperin ndi anzake anapezanso mu 2013 kuti akazi amakonda kunong'oneza bondo pa zimene anachita, pamene amuna amadandaula kwambiri ndi mwayi umene anauphonya.

Koma mayankho a anthu pa nkhani imeneyi samezedwa osatafuna. Mu 2003, Michele Alexander ndi Terri Fisher anafunsa ophunzira a ku yunivesite kuti anagonanapo ndi anthu angati. Ena anawachititsa kuganiza kuti mnzawo wa msinkhu wawo akhoza kuona mayankho. Ena anawamangirira mawaya a makina ogwira bodza, amene kwenikweni sankagwira ntchito. Atsikana oopa kuonedwa anatchula anthu 2.6 pa avereji, koma omangiriridwa mawaya aja anatchula 4.4. Mayankho a anyamata sanasinthe kwenikweni. Kusiyana kumene timati n'kwachibadwa kunachepa kwambiri atsikana atakhulupirira kuti bodza ligwidwa. Jennifer Petersen ndi Janet Hyde, atasanthula kafukufuku wochuluka mu 2010, anapezanso kuti pa zinthu zambiri zokhudza kugonana amuna ndi akazi amasiyana pang'ono chabe.

Amuna nawo amavutika mumtima, kungoti zawo zimatembenuka: amachita manyazi ndi zimene sanachite.

Ndine mnyamata wa zaka 23 ndipo sindinagonanepo ndi mkazi. Anzanga amati ndinagwa mumpapaya. Kodi ndili ndi vuto?

Mulibe. Thupi silidwala chifukwa chosagonana. Umuna umene sunatuluke thupi limauyamwa lokha, kapena umatuluka kutulo. Zoti msana umauma, ziphuphu zimachuluka kapena mutu umasokonekera ndi nkhambakamwa.

Chimene chikukuvutitsani ndi china. Joseph Vandello ndi Jennifer Bosson anasonyeza mu 2008 kuti anthu amaona uchamuna ngati udindo umene munthu amachita kuuvutikira ndipo akhoza kulandidwa tsiku lililonse, pamene ukazi amauona ngati chinthu chongobwera ndi kukula. N'chifukwa chake pagulu la anyamata nthawi zonse pamakhala mayeso. Wina akamasimba za usiku wathawu, enanu mumaseka mokweza kuopa kuti funso lingakugwereni. Dziwani kuti m'gulu lomwelo muli ena amene akusimba zopeka, ndi ena amene anachitadi koma osafuna. Charlene Muehlenhard ndi Stephen Cook anapeza mu 1988 kuti mwa anyamata a ku yunivesite amene anawafunsa, oposa theka anagonanapo asakufuna, ena poopa kuoneka amantha kapena osadziwa zinthu.

Ndipo mphoto ya mayesowa si yokoma monga amaisimbira. Mu 2017, Joel Wong ndi anzake anaphatikiza kafukufuku wa anthu oposa 19,000 n'kupeza kuti amuna oumirira kudzidalira okha, kulamulira akazi ndi kusinthasintha zibwenzi ndi amene ankavutika kwambiri m'maganizo, komanso ndi amene ankazengereza kukapempha thandizo. Simuyenera kufotokozera anzanu chilichonse. "Zimenezo n'zanga" ndi yankho lokwanira.

Komatu mantha ndi kudziimba mlandu zimateteza achinyamata. Tikazichotsa si ndiye kuti aliyense azingochita zimene wafuna?

Ili ndi funso la makolo ambiri, ndipo lili ndi mbali yoona. Odziimba mlandu kwambiri amachedwerakodi kuyamba zogonana ndipo amakhala ndi zibwenzi zochepa. Koma nkhani sithera pamenepo. Meg Gerrard, m'zaka za m'ma 1980, anapeza kuti atsikana a ku yunivesite odziimba mlandu kwambiri, akayamba kugonana, ankadalira njira zolera zosadalirika kapena osagwiritsa ntchito njira iliyonse.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kwa munthu wotere, kukonzekera n'kuvomera. Taganizirani mtsikana amene walowa m'famase akudziwa bwino lomwe kumene agone usikuwo. Makondomu ali pashelufu kuseri kwa wogulitsa, ndalama ili m'manja. Wogulitsa akuti, "Tikuthandizeni?" Iye akuyang'ana pansi n'kupempha mankhwala a mutu. Akanagula kondomu, bwenzi akudziuza yekha kuti "ndine mtsikana amene amakonzekera zimenezi", ndipo mawu amenewo sangathe kuwapirira. Ndi bwino kwa iye m'mawa mwake adzati "zinangochitika", kapena "ndinali nditamwa". Chimene chachotsedwapo si kugonanako ayi, koma chitetezo.

Ku America zimenezi zinaoneka poyera. Kuyambira mu 1993, achinyamata ambirimbiri anasaina malonjezo oti sadzagonana mpaka ukwati. Peter Bearman ndi Hannah Brückner anapeza mu 2001 kuti lonjezoli linkachedwetsadi ena, pafupifupi ndi miyezi 18, koma amene ankaliphwanya ankadziteteza mochepa poyerekeza ndi osalonjeza pa tsiku loyamba kugonana. Patapita zaka zingapo anapezanso kuti matenda opatsirana pogonana anali ofala mofanana pakati pa olonjeza ndi osalonjeza. Mu 2009, Janet Rosenbaum anayerekezera olonjeza ndi anzawo ofanana nawo m'chikhulupiriro ndi m'maganizo koma osalonjeza. Patatha zaka zisanu, khalidwe lawo la zogonana linali limodzimodzi, kupatula kuti olonjeza aja sankagwiritsa ntchito makondomu ndi njira zolera mofanana ndi anzawo. Ndipo 82 pa 100 alionse anakana kuti analonjezapo.

Manyazi omwewo ndi amene amachititsa munthu kukhala ndi chilonda kumaliseche kwa miyezi osapita kuchipatala, kuopa kuyezetsa magazi, ndi kubisa mimba mpaka zinthu zitafika poipa. Makolo amene akufuna mwana wodziletsa akufuna chinthu chabwino, koma chida chimene ambiri amagwiritsa ntchito chimatulutsa mwana wodziwa kubisa.

Chipembedzo changa chimaphunzitsa kudikira ukwati. Mukunena kuti nditaye chikhulupiriro changa?

Ayi ndithu. Munthu wamkulu amene waganiza mofatsa n'kusankha kudikira chifukwa cha chikhulupiriro chake wasankha chinthu cholemekezeka, ndipo amene amamuseka ndi amene ali ndi vuto. Kusiyana kuli apa: wodikira chifukwa chotsimikiza mtima amatha kuikamba nkhaniyi osanjenjemera, amauza bwenzi lake malire ake chibwenzi chikangoyamba, ndipo akapunthwa amadziwa kolowera kuti akhululukidwe n'kupitiriza. Wodikira chifukwa cha mantha sakamba n'komwe, ndipo akapunthwa kamodzi amati "basi zatha, ndawonongeka kale", n'kudzitaya.

Onetsetsaninso ngati lamulo limene mukulimva likuchokeradi m'chiphunzitsocho. Zipembedzo zikuluzikulu zimene zimaletsa kugonana kunja kwa ukwati zimaletsa mwamuna ndi mkazi yemwe. Ngati pochita zinthu wolangidwa amakhala mtsikana yekha chifukwa mimba yaoneka, mnyamata n'kumangokhala pampando wake wa masiku onse, chimene chikugwira ntchito pamenepo si malemba.

Pali chinthu chinanso choti muchidziwe. Ena amalapa tchimo limodzi kambirimbiri osamva kuti akhululukidwa, amabwereza pemphero chifukwa ganizo lonyansa linadutsa pakati, amafunsafunsa atsogoleri ngati chakutichakuti ndi tchimo koma yankho silikhalitsa. Zimenezi zikhoza kukhala mtundu wa matenda a maganizo otchedwa OCD, amene amagwira munthu pa chinthu chimene amachilemekeza kwambiri. Amachizika, ndipo kuchira kwake sikufuna kuti munthu asiye kupemphera.

Ndingadziwe bwanji ngati mlandu umene ndikuumvawu ndi weniweni?

Dzifunseni kuti, ndani wavulala? Ngati mungathe kutchula munthu ndi chimene mwamuchita, chikumbumtima chanu chikugwira ntchito yake ndipo chimvereni. Munamunamiza kuti mudzamukwatira. Munamuumiriza mpaka anatopa n'kukana. Munavula kondomu iye asakudziwa. Munabisa matenda. Munatumizira anzanu chithunzi chimene anatumizira inu nokha. Munazembera amene munalonjezana naye kukhulupirika. Izi sizifuna phungu woti akutonthozeni. Zifuna kuti musiye, muvomere ndi kukonza zimene zingakonzeke.

Funso lachiwiri: lamulo limene ndaphwanyali ndimalikhulupirira ine, kapena ndikungoopa kuti anthu akamva atani? Yesani kuganiza kuti palibe amene adzadziwe mpaka kalekale. Ngati kulemera kuja kwachoka, anali mantha a maso a anthu. Ngati kukadalipo, ndiye kuti mwasemphana ndi mfundo yanuyanu, ndipo muyenera kusankha kusintha khalidwe kapena kuiunikanso mfundoyo moona mtima.

Lachitatu ndi limene limavumbula zambiri: akanachita zimenezi mchimwene wanu, inu muli mkazi, kapena mchemwali wanu, inu muli mwamuna, mukanamuweruza chimodzimodzi?

Chomvetsa chisoni n'chakuti ndondomeko ija imaika mlandu pamene palibe, n'kuuchotsa pamene uyenera kukhala. Mtsikana amalira chifukwa anasangalala ndi munthu amene amakondana naye. Mnyamata amene anakakamiza mnzake amagona tulo tabwino chifukwa anamuphunzitsa kuti "mkazi savomera pakamwa". Pa awiriwa, amene akufunika chikumbumtima chochulukirapo ndi wachiwiriyo.

Anandikakamiza, koma sindinakuwe kapena kulimbana naye. Ndimaona ngati ndinalola.

Simunalole. Munthu akagwidwa ndi mantha aakulu thupi limatha kuuma gwa, mawu osatuluka, manja osasuntha, ndipo zimenezi sachita kusankha. Anna Möller ndi anzake ku Stockholm, m'dziko la Sweden, anafunsa akazi 298 amene anafika kuchipatala atagwiriridwa, ndipo mu 2017 analengeza kuti 70 pa 100 alionse anauma chonchi. Thupi limathanso kunyowa, kutota ngakhale kutulutsa umuna pa nthawi yogwiriridwa, chifukwa mitsempha imayankha kukhudzidwa mosafunsa mtima. Kumeneko si kuvomera. Kukhala pachibwenzi ndi munthuyo, kupita nokha kuchipinda kwake, kumwa mowa kapena kuvala mwakutimwakuti sikusamutsa mlandu kuchoka kwa iye kubwera kwa inu. Amuna nawonso amagwiriridwa, ndipo ambiri amakhala chete chifukwa anauzidwa kuti mwamuna sakana.

Ngati zachitika posachedwa, musadikire kuti manyazi ayambe atha. Mankhwala a PEP, oteteza ku HIV, ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. Mapiritsi olera a pangozi amagwira ntchito mpaka maola 120, koma amathandiza kwambiri mukawamwa msanga. Ngati mungathe, pitani musanasambe ndipo tengani zovala zimene munavala, kuti umboni ukhalepo mukadzafuna kukadandaula kupolisi.

Sindinatuluke magazi tsiku loyamba, ndipo bwenzi langa likundikayikira.

Akazi ambiri satuluka magazi. Kachikopa ka pakhomo pa njira yoberekera si chotsekera chimene chimabooledwa; n'kopyapyala, kotanuka, kali kale ndi mpata wodutsa magazi a msambo, ndipo kamasiyana munthu ndi munthu. Magazi akatuluka, kawirikawiri chimachititsa ndi kuuma, mantha kapena kufulumira. Mu October 2018, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi nthambi za United Nations zoona za ufulu wa anthu ndi za amayi linanena kuti palibe kuyeza kulikonse kumene kungasonyeze ngati mkazi anagonanapo, ndipo linapempha kuti mchitidwe woyeza unamwali uthe. Koma onaninso chimene mnzanuyo wakusonyezani: akukhulupirira nsalu kuposa mawu anu. Iyeyo anabweretsa umboni wanji?

Ndimabunyula, kenako ndimadzida. Kodi ndikudziwononga?

Kudziseweretsa maliseche sikuchititsa khungu, misala, kusabereka kapena kutha mphamvu m'banja. Mantha amenewa ali ndi mbiri yake. Mu 1760 dokotala wa ku Switzerland, Samuel Tissot, analemba kuti kutaya umuna kumafooketsa thupi mofanana ndi kutaya magazi ochuluka kuwirikiza ka 40, ndipo madokotala a ku Ulaya ndi ku America anabwereza zimenezi kwa zaka zoposa 100 popanda umboni. Zachipatala zinazisiya kalekale, koma mphekesera zake zikuyendabe.

Ngati chikhulupiriro chanu chimaletsa, imeneyo ndi nkhani ya inu ndi chikhulupiriro chanucho, koma musaisakanize ndi matenda. Joshua Grubbs ndi anzake anapeza kuti kudziona ngati kapolo wa zolaula kumayenderana kwambiri ndi mmene munthu amadzitsutsira mumtima, osati ndi kuchuluka kwa nthawi imene amaonera kokha. Wina amaonera kamodzi pamwezi n'kumadzitcha wodwala. Buku la WHO la mayina a matenda, ICD-11, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, limavomereza kuti lilipo vuto lolephera kudziletsa pa zogonana, koma limanenetsa kuti kuvutika mumtima chifukwa cha kudziweruza kokha sikokwanira kuti munthu atchedwe wodwala. Vuto limakhalapo pamene khalidwelo likukudyerani sukulu, ntchito, tulo kapena chibwenzi kwa miyezi, mwayesa kuchepetsa koma zikukanika.

Ambiri amazungulira pamodzimodzi: kulumbira kuti basi, kupirira masiku angapo, kugwa, kudzida, n'kufuna chotonthoza, chimene chimakhala chomwecho. Kudzidako ndi kumene kumapititsa gudumu patsogolo.

Mtima wanga umakopeka ndi amuna anzanga, kapena akazi anzanga. Kapenanso sukopeka ndi aliyense. Ndine wodwala?

Ayi. Bungwe la WHO linachotsa kukopeka ndi amuna kapena akazi anzako pa mndandanda wa matenda pa 17 May 1990, ndipo njira zimene amati zimasintha munthu zapezeka kuti zimangowonjezera nkhawa ndi kukhumudwa. Kusakhala ndi chilakolako kwa aliyense nakonso si matenda ngati inuyo sikukuvutitsani. Malamulo a mayiko ndi ziphunzitso za zipembedzo zimasiyana kwambiri pa nkhaniyi, choncho sankhani mosamala woti mumuuze, ndipo palibe amene ayenera kukufulumizitsani.

Tinadikira mpaka ukwati, koma mpaka pano ndimamva ngati ndikuchimwa. Bwanji sizinathe?

Chifukwa thupi silidziwa kuti mwasaina. Kwa zaka 20 linkauzidwa kuti "ayi, n'zonyansa", ndiye silingatembenuke madzulo amodzi chifukwa anthu aimba nthungululu. William Masters ndi Virginia Johnson, amene ankathandiza maanja mumzinda wa St. Louis ku America, analemba mu 1970 kuti ambiri mwa odwala awo anakulira m'nyumba zimene kugonana kunkatchulidwa ngati uve. Anaonanso kuti munthu wa nkhawa amakhala ngati waima pambali n'kumadzionerera yekha: ndikuchita bwino? ndikuoneka bwanji? akundiganizira zotani? Wodzionerera samva kukoma.

Kwa akazi ena minofu ya pakhomo imadzimanga yokha mpaka kugonana kumapweteka kapena kukanika. Kwa amuna, nkhawa imagwetsa mphamvu kapena kufulumizitsa kuthira. Apa ndondomeko ija imabweranso: mkazi amaopa kunena chimene chimamusangalatsa kuti angafunsidwe kuti "unaziphunzira kuti?", mwamuna amaopa kufunsa chifukwa amayenera kukhala wodziwa kale. Anthu awiri okondana amatha zaka akungoganizirana.

Njira imene Masters ndi Johnson anayambitsa ikugwiritsidwabe ntchito. Awiriwo amagwirizana kuti kwa kanthawi sagonana, amangokhudzana mosinthana, poyamba osafika kumaliseche, aliyense akunena chimene akumva. Mayeso akachoka, thupi limayamba kumasuka. Ululu ukapitirira, kaonaneni ndi dokotala, chifukwa zoyambitsa zina ndi za m'thupi ndipo zili ndi mankhwala.

Kodi ndiyenera kuuza bwenzi langa zonse za m'mbuyo?

Zimene zikukhudza moyo wake, inde: matenda, mwana amene muli naye, chibwenzi china chimene sichinathe. Chiwerengero cha anthu ndi tsatanetsatane wake si ngongole. Mukhoza kunena ngati mukufuna, koma dzifunseni kaye ngati mukuulula kuti mudziwane bwino kapena kuti iye akuweruzeni m'malo mwa inu eni. Kunama n'kosiyana ndi kunena kuti "zimenezo sindikufuna kuzikamba". Ndipo munthu amene amakufunsani chiwerengero mobwerezabwereza, n'kumachitulutsa pa mkangano uliwonse, sadzakhutira ndi nambala iliyonse.

Ndipite liti kukapempha thandizo, ndipo kwa yani?

Pitani ngati maganizowa akukulandani tulo kapena chilakolako cha chakudya kwa milungu, ngati simungagonane musanaledzere, ngati mukudzilanga podzivulaza kapena kudzimana chakudya, ngati kugonana kumapweteka nthawi zonse, kapena ngati zimene munachitiridwa kale zikumabwerera m'maso. Mukayamba kuganiza zodzipha, musadikire mawa. Uzani munthu lero lomwe ndipo pitani kuchipatala chimene chili pafupi.

Phungu wophunzitsidwa, katswiri wa zamaganizo, dokotala kapena namwino ndi poyambira pabwino. Mtsogoleri wachipembedzo wodziwa kusunga chinsinsi amathandizanso ambiri, makamaka pamene funso lili la chikhulupiriro. Musanayambe kufotokoza, funsani kuti zimene munene zikafika kwa yani. Ngati pakamwa pakulemera, lembani chiganizo choyamba papepala kapena pafoni n'kumupatsa awerenge. Phungu wabwino amafunsa kaye zimene inuyo mumakhulupirira asanapereke maganizo ake. Akayamba kukunyozani, kukukakamizani kusiya chipembedzo chanu, kapena kufunsa tsatanetsatane amene sakukhudzana ndi vuto lanu, muli ndi ufulu wonyamuka n'kukafuna wina.